Kalata ya m'Bokosi 43

Mabokosi ochokera kwa a Nkhunda anafika Lachiwiri m'mawa pa lole ya yunivesite, onse pamodzi 61, omangidwa ndi zingwe za pulasitiki. Ine ndinaima pakhomo la kumbuyo ndi kope langa, kuwerenga limodzilimodzi pamene alonda ankatsitsa. Tsiku limeneli ndinali nditalidikira kwa zaka zambiri.

Ntchito yanga ndi yosunga zikalata zakale. Pansi pa laibulale ya yunivesite pali chipinda chachikulu chopanda mawindo, ife timangoti kunkhokwe. M'menemo timasunga mapepala a mabungwe omwe ankakana nkhondo, makalata a asilikali opuma, ndi zolemba za anthu othawa kwawo. Ndagwiramo zaka 19. Anzanga amati ndine wovuta, ndipo sanama. Munthu akalowa ndi bolopeni ndimamubweza pakhomo pomwepo, kaya ndi pulofesa wa imvi.

Abwana anga anatsika masitepe akusisita m'manja ngati awina mpira.

"Mayi, apa tapata," anatero. "Mapepala onse a bambo wa mtendere, zaka makumi anayi! Ndikufuna muwasanje inuyo, poti ndinu osamala."

Ndinati zikomo bwana. Iwo sankadziwa kuti ndine mwana wa yani. Dzina la bambo anga ndinalisiya pa tsiku la ukwati wanga, ndipo ndinalisiya mothamanga.

Ndikufotokozereni bwino. Ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kumalire kunali nkhondo, ndipo boma linkatola anyamata m'misewu ndi m'masukulu kukawaveka yunifomu. Anthu khumi ndi awiri a m'tauni mwathu anapanga kagulu kokana zimenezo. Ankalemba timapepala n'kumatimwaza pamsika ndi pa depoti ya basi. Mtsogoleri wawo anali kalaliki wa ku ofesi ya boma, munthu wolankhula mofatsa, yemwe pambuyo pake anthu anamutcha Nkhunda. Wotaipa anali bambo anga. Pagulu lonselo taipi inali imodzi yokha, ya bambo, yomwe ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito pakhonde la nyumba yathu.

Tsiku lina apolisi anagwira anthu khumi a m'gululo. Kupolisi anawaonetsa kalata yotaipa, yopanda siginecha, yokhala ndi mayina awo ndi nyumba zomwe ankakumaniranamo. Aliyense anazindikira taipi imene inalemba kalatayo, pajatu timapepala tawo tonse tinkatuluka m'taipi yomweyo. Dzina la a Nkhunda linali pamwamba penipeni, koma iwo anali atawoloka malire dzulo lake. Dzina la bambo anga lokha ndi lomwe panalibe. Apolisi anawatenga bambo n'kuwasunga masiku asanu ndi limodzi, kenako anawatulutsa opanda ndi bala lomwe. Anzawo aja anakhala m'ndende zaka, ndipo awiri anafera momwemo.

Bambo anakana mpaka mawu anawathera. Choipa n'chakuti anali munthu wosadziwa kunama. Aliyense wowafunsa ankamuyankha kuti, "Taipi yanga sinatulukepo m'nyumba mwanga." Iwo ankaganiza kuti akudziteteza, chonsecho ankadzimanga okha. Anthu ankangoti, ndiye analemba ndani, mzukwa?

Pakhonde pathu panaleka kubwera anthu. Kusukulu dzina langa linasanduka mwana wa kazitape. Mmodzi wa omangidwa aja, a Telala, anatuluka patatha zaka zisanu ndi chimodzi alibe mano akutsogolo, ndipo nthawi iliyonse akamadutsa pageti pathu ankaima, kulavula, n'kumapitirira. Bambo anamwalira ndili Folomu 3. Pamaliro pawo panabwera anthu asanu ndi anayi, ndinawawerenga ndekha.

A Nkhunda anabwerera nkhondo itatha, anthu anakawachingamira ndi maluwa. Kuyambira pamenepo chaka ndi chaka amalankhula pa wailesi, ndipo sakulephera kunena kuti, "Tinaperekedwa ndi mmodzi wa ife, koma ine ndinamukhululukira kalekale." Kukhululuka! Mawu amenewo ndi amene ankandiwiritsa magazi. Ine ndinkawadziwa bambo anga, ndipo mtima unkandiuza kuti munthu amene anathawa dzulo lake uja anali kudziwa chomwe akuthawa. Koma mtima si umboni.

Nditafika kunyumba madzulo a Lachiwiri limenelo ndinawauza amayi. Amayi amakhala ndi ine chimwalirireni amuna anga. Ndinawapeza akupinda zovala pabedi.

"Amayi, mapepala a munthu wanu uja abwera kuntchito kwathu. Andipatsa ine."

Anaima ndi malaya m'manja. "Uwakane," anatero.

"Ndikane chifukwa chiyani?"

"Zisiye mwanawe. Bambo ako anagona. Usakumbe zokwiririka."

Mawu amenewo ndinali nditawamva kuyambira ndili mwana, moti ndinangoti ndi mantha a nkhalamba. Ndinawayankha kuti mlandu suola, n'kutuluka kukaika madzi pamoto.

Tsono ntchito yathu ili ndi lamulo limodzi lalikulu. Mapepala a munthu umawasiya mmene mwiniwake anawasanjira. Susuntha, susankha, sutaya. Umangochotsa mapini a dzimbiri, kupukuta fumbi ndi kaburashi, kuika m'mafayilo atsopano, n'kulemba nambala pakona ndi pensulo. Ukamaliza umalemba kaundula, ndiye kuti mndandanda wouza owerenga zimene zili m'bokosi lililonse. Ambiri amatopa nayo ntchito imeneyi. Ine ndimaikonda, chifukwa kasanjidwe ka mapepala kamaulula munthu kuposa zimene analembamo.

A Nkhunda anandiululira khalidwe lawo m'bokosi loyamba lomwe. Munthuyu asanakhale bambo wa mtendere anali kalaliki wa makalata otuluka, ndipo ukalaliki unawalowa m'mafupa. Kalata iliyonse imene analemba pa moyo wawo ankaikira pepala la kaboni kuti kope litsale. Kopelo ankalibowola, kulipatsa nambala, kulilowetsa pa kachingwe, ndipo pakona ya m'munsi ankalemba ndi pensulo kuti "yatumizidwa", n'kuikapo deti ndi zilembo zoyamba za dzina lawo. Iliyonse, ndikukuuzani! Ndinapeza kope la kalata yopita kwa nduna, pambuyo pake kope la kalata yopita kwa akazi awo yowapempha kuti awatumizire masokosi awiri akuda. Nambala 88, yatumizidwa. Ndinaseka ndekha m'nkhokwemo mpaka misozi.

Kuseka kutatha ndinaganiza kuti munthu amene sangathe kupempha masokosi popanda kusunga kope, kodi dzanja lake likanalola kutumiza kalata ina iliyonse yopanda kope?

Mabokosiwo sanapakire eni ake. Mwana wawo wamkazi, dokotala wa mano, ndi amene anakokolola zonse m'chipinda chawo powasamutsira kunyumba kwake, miyendo itayamba kuwavuta. Anapakira mmene zinalili, zaka zitasakanikirana. Ndikanatha kutsegula onse tsiku limodzi n'kumafufuza chaka chimene ndinkafunacho, koma sindinatero. Ndinayamba bokosi 1, kenako 2, monga mwa ntchito. Ndinkafuna kuti tsiku lina pasadzapezeke wonena kuti mayi uja anasokoneza mapepala. Ndinatha miyezi inayi ndikuwerenga zokamba zawo za chikondi ndi kukhululukirana, mphuno itatsekeka ndi fumbi, mtima uli juu.

Ndinaipeza Lachinayi, chakumasana, m'bokosi 43. Munali mtokoma wa makalata a chaka chomwe anthu aja anagwidwa, kachingwe kake kataderako ndi ukalamba. Nambala 211 inali kalata yodandaula za paipi ya madzi yophulika. Nambala 213 inali yopepesa kuti sakapezeka pa ukwati wa msuweni wawo. Pakati pa ziwirizi panali kapepala kopyapyala, zilembo zake za buluu wofiirira. Pamwamba panalembedwa kuti, "Kwa mkulu wa apolisi." M'munsi mwake munali mayina khumi ndi limodzi, la a Nkhunda poyamba. Taipi yake ndinaizindikira ngati nkhope ya m'bale wanga, chifukwa satifiketi yanga ya ubatizo inataipidwa pa taipi yomweyo. Pakona panali pensulo ija, dzanja lomwe lija la pa masokosi. Nambala 212. Yatumizidwa.

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinalira, inde, koma pang'ono. Chimene chinandidzadza chinali chimwemwe choipa, chotentha, choti ndakugwira tsopano mfiti iwe. Zaka zonsezi ukukhululukira bambo anga pa wailesi, kalata ili phee m'nyumba mwako, yobowola bwinobwino!

Foni inali m'thumba. Ndikanatha kujambula n'kutumiza ku nyuzipepala isanakwane wani koloko. Ndikanathanso kuthothola kapepalako n'kukawaponyera kumaso. Koma ndaigwira ntchitoyi zaka zokwanira. Kapepala kameneko kakachoka pa chingwe, kasanduka kapepala wamba kamene mwana wa kazitape wapeka. Mphamvu yake inali pamalo pake, pakati pa paipi ya madzi ndi ukwati wa msuweni, ndi dzimbiri la kachitsulo ka chingwe litadontha mofanana pa mapepala atatu onsewo. Ndinakasiya pomwepo. Ndinapukuta fumbi, n'kuika mtokoma wonse mufayilo yatsopano, chingwe chili chomanga.

Amayi sindinawauze. Ndinkafuna ndidzawabweretsere nkhani yathunthu, yakupsa kale.

Ndinamaliza mabokosi 18 otsalawo, kenako ndinalemba kaundula. Pa bokosi 43, fayilo 6, ndinalemba mwachidule monga timalembera zonse: makalata otuluka, nambala 190 mpaka 240, kuphatikizapo kope la kalata yopita kwa mkulu wa apolisi yotchula mamembala a gulu. Sindinaonjezere mawu ngakhale amodzi. Kaundulayo analowa pa kompyuta ya laibulale Lachinayi, ndipo Lachisanu abwana anandiitana.

Ndinawapeza atavula magalasi, akutikita m'maso.

"Mayi, mzere uwu mwauona bwino?"

"Ndinalemba ndine, bwana."

"Mukudziwa tanthauzo lake? Mwezi wamawa tili ndi mwambo wotsegulira mapepalawa. Kubwera akazembe. Munthuyu ndi wokalamba, mayi."

"Abambo awiri amene anafera m'ndende aja sanaupeze mwayi wokalamba, bwana."

Anandiyang'ana modabwa, poti sindinayambe ndawayankha chotero. Kenako anati fayilo imeneyo aitsekera kwa zaka makumi atatu, pofuna kuteteza banja. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti pa chikalata chimene a Nkhunda anasaina popereka mapepalawo analemba okha kuti zonse zikhale zotsegula, chifukwa moyo wawo ulibe chobisa. Ndinawakumbutsanso kuti wotseka fayilo si bwana yekha koma komiti, ndipo komiti imakumana Lachitatu.

"Ndiye tidikira Lachitatu," anatero. "Ndiwaimbira a kubanja abwere Lolemba tidzakambirane."

Ndinawerenga pa zala potsika masitepe. Lolemba ndi Lachiwiri fayilo inali yotsegula kwa munthu aliyense wobwera ndi chiphaso.

Loweruka m'mawa ndinakwera basi kupita kumene a Telala amasokera. Akadali ndi kashopu kawo kuseri kwa sitolo ya zitsulo, makina amodzi ndi benchi la makasitomala. Ndinawapeza akudula thalauza, tepi ili m'khosi. Anakalamba, koma masaya olowa aja ndinawazindikira.

"Tikuthandizeni mayi? Ngati ndi diresi, mwezi uno ndadzaza."

"Sindinabwerere diresi, bambo. Ndine mwana wa wotaipa uja."

Sizasi inaima. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ukufuna chiyani pano?"

"Munalavula pageti pathu zaka zisanu ndi ziwiri. Ndabwera kudzakupemphani tsiku limodzi lokha."

"Iwe, usandiyambe. Mano awa ukuwaona? Mnzanga anafera pamwendo panga apa, akuitana mkazi wake. Bambo ako anatuluka akuyenda bwinobwino."

"Ndikudziwa. Bwerani Lolemba naini koloko ku laibulale ya yunivesite, pansi. Mutenge chiphaso ndi magalasi anu owerengera. Mukapemphe bokosi 43, fayilo 6."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Sindikuuzani. Mukadzamva kwa ine mudzati ndapeka. Mukaone ndi maso anu."

Ndinawalembera manambalawo pa kansalu koduka n'kusiya pa makina. Sanandiperekeze, ndipo sindinayembekezere kuti atero.

Lolemba anafika naini isanakwane, atavala jekete yosoka okha. Ndinawalandira monga ndimalandirira aliyense. Anasaina m'buku la owerenga, anasiya chipewa ndi chikwama m'kabati, anasamba m'manja pa sinki ya pakona, ndipo ndinawapatsa pensulo kuti alembe kapepala kopemphera. Ankang'ung'udza kuti kundende komwe kunalibe malamulo ochuluka chonchi. Ndinawakhazika pa tebulo la pakati, n'kuwaikira fayilo patsogolo.

"Muyambire poyamba," ndinatero. "Musadumphe, ndipo musanyowetse chala."

Ndinabwerera pa desiki yanga. M'chipindamo munali ophunzira atatu ndi mzimayi wina wolemba buku la za asilikali a ana. Fani inkazungulira. A Telala ankatembenuza mapepala pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anaseka pang'ono pa kalata ina, mwina anakumbukira munthu. Kenako ndinaona dzanja lawo litaima. Anavula magalasi, kuwapukuta pa jekete, kuwavalanso. Anaweramira pakona ya pepala paja. Anakhala choncho nthawi yaitali osatembenuza.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Analowa abwana, pambuyo pawo dokotala wa mano uja akukankha njinga ya olumala, ndipo panjingapo panali a Nkhunda. Ndinali ndisanawaonepo pafupi chikulireni. Anali aang'ono kuposa mawu awo a pa wailesi, atavala suti yotuwa ndi kabaji pachifuwa, tsitsi lili mbuu. Ophunzira aja anaimirira mwaulemu. Ine sindinaimirire.

"Mayi," anatero abwana monong'ona, "tipatseni fayilo ija, bambo akufuna aione muofesi mwanga."

"Ili ndi wowerenga, bwana."

"Ndiye mukaitenge."

"Fayilo ikakhala m'manja mwa wowerenga sitilanda mpaka abweze yekha. Lamulo limenelo munasaina ndinu. Bambowa akhoza kulemba kapepala n'kudikira." Ndinatenga pensulo n'kuwalozetsa a Nkhunda. "Chikwamacho musiye m'kabati, ndipo musambe m'manja."

Dokotala uja anakwiya. "Mayi inu, mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani? Mapepala amenewa ndi awo!"

"Anali awo, adokotala. Anapereka."

A Telala anali ataimirira. Anayenda pang'ono kuchoka patebulo, dzanja limodzi lili chigwirire m'mphepete mwake.

"Achimwene," anatero. Ndi mmene ankaitanirana m'gulu lawo lija. "Mukundikumbuka?"

A Nkhunda anakweza maso, n'kumwetulira kumwetulira kwawo kwa pa zithunzi. "Telala! Ukadali moyo, m'bale wanga?"

"Ndikadali moyo. Tandiuzani, achimwene, paipi ya madzi ija anadzakonza?"

Palibe anamvetsa kupatula ine. A Telala anabwerera pa fayilo n'kuyamba kuwerenga mokweza, m'chipinda chimene ine ndimakalipira munthu akangotsokomola. Sindinawaletse. Anawerenga kuti kwa mkulu wa apolisi. Anawerenga mayina onse limodzilimodzi, ndi a omwalira awiri aja omwe. Atafika pa dzina lawo anadzimenya pachifuwa. Pomaliza anati, "Nambala 212. Yatumizidwa. Dzanja ili ndikulidziwa, achimwene. Munkandilembera nalo muyeso wa makolala anu."

Mzimayi wolemba buku uja anali atayamba kale kulemba kapepala kopemphera fayilo yomweyo. Dokotala anagwada pambali pa njinga.

"Adadi, akunena chiyani anthuwa? Auzeni kuti ndi bodza."

A Nkhunda sanamuyang'ane mwana wawo. Ankayang'ana fayilo ija patebulo, ndipo chimene ndinaona pankhope pawo sichinali manyazi. Anali ngati munthu wodabwa ndi dzanja lake lomwe.

"Ndinasunga kope," anatero motsitsa. "Ha! Ndinasungadi kope."

Kenako anayamba kufotokoza, mawu a pa wailesi aja atabwerera. Anati apolisi anali atawagwira kale iwowo mwakachetechete, anawalonjeza kuti anthuwo angowaopseza sabata imodzi n'kuwamasula, anati nthawi imeneyo inali yovuta ndipo ana a lero sangamvetse. A Telala anangotsegula pakamwa n'kuwaonetsa nkhama.

Apo ndinadzuka. Ndinali nditakonza mawu ambiri kwa zaka zambiri, ena ndinkawayeserera posamba, koma anatuluka ochepa.

"Ine ndine mwana wa wotaipa uja, amene mumamukhululukira chaka ndi chaka. Anafa anthu akumulavulira. Lero ndikufuna mumve kuti ine sindinakukhululukireni, ndipo sindidzakukhululukirani. Fayilo iyi ikhala pa shelefu mpaka inu mudzafe, zidzukulu zanu zidzafe, ndipo aliyense wobwera ndi chiphaso ndidzamupatsa ndi manja awiri."

Ine mtima unali mbee, ngati ndatula mtolo umene ndinausenza ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Telala anandigwira dzanja, akulira poyera ngati mwana.

"Mwanawe, ndinalakwira bambo ako. Mayi ako alipo? Mawa ndibwera kunyumba ndidzagwade pamaso pawo."

Dokotala anatembenuza njinga kuti azituluka. Koma a Nkhunda anagwira tayala ndi dzanja, njinga n'kuima. Anandiyang'ana koyamba, maso ali gwa.

"Wagwira ntchito yabwino, mwana wa mnzanga. Ndiwe kalaliki weniweni. Koma fayilo yako ili ndi mpata. Taipi ija inali yolemera, ndipo ine kunyumba kwanu sindinkalowa. Ukawafunse mayi ako kuti inafika bwanji patebulo panga."

Ndinawatukwana. Sindibwereza mawu ake pano, koma ophunzira aja anaphunzira zina tsiku limenelo. Ndinati njoka ndi njoka, ngakhale poifera imafuna ilume munthu. Abwana anandiuza kuti ndipite kunyumba ndikapume, tidzakambirana Lachitatu. Ndinabweza kaye fayilo m'bokosi, bokosi pa shelefu, n'kukiya nkhokwe.

M'basi monse ndinkadziuza kuti ndi bodza la munthu wogonja. Koma ntchito yanga inandiphunzitsa kuti mpata ukaoneka umafunika kuufufuza. Bambo analumbira moyo wawo wonse kuti taipi sinatuluke m'nyumba. Kalata inataipidwa pa taipi imeneyo. Kope linali kwa a Nkhunda. Zinthu zitatuzi zinkakana kugwirizana, ndipo ine chimwemwe chinandiphimba m'maso miyezi yonseyi osafunsa.

Ndinafika dzuwa likadali pamutu. Amayi anali pakhonde, akusoka batani pa yunifomu ya mdzukulu wawo. Anadabwa kundiona nthawi imeneyo.

"Bwanji, wadwala?"

Ndinakhala pa sitepe, chikwama chili pamwendo. Ndinawauza zonse, za bokosi 43, za a Telala, za mayina owerengedwa mokweza. Ndinawauza kuti dzina la bambo layera. Ndinkayembekezera kuti alira, kapena aimba, kapena akweza manja kumwamba. Iwo anangoyang'ana batani lija.

"Amayi, munthu uja wanena mawu ena. Wati ndikufunseni kuti taipi inafika bwanji kwawo."

Singano inalowa, inatuluka, inalowanso. Kenako anaibaya pa kolala n'kuika yunifomu pambali.

"Bambo ako anapita kuchipatala kukaona achimwene awo," anatero. "Anachoka m'mawa, anati abwera madzulo. Munthu uja anandipeza pa mpopi. Anati pali kapepala kachangu ka gulu, sikangadikire, ndimubwereke taipi. Bambo ako anali atandiletsa kuti taipi isagwiridwe ndi munthu wina aliyense, ngakhale wa m'gulu. Koma uyu anali mtsogoleri, wolankhula bwino. Ndinaikulunga m'nsalu n'kuisenza pamutu ngati mtolo wa zochapa, kupita nayo kwake. Iwe unali kusukulu. Pofika fili koloko inali itabwerera pamalo pake."

"Ndiye anthu atagwidwa, simunanene?"

"Ndinaopa. Poyamba ndinaopa bambo ako. Kenako anthu awiri aja atafa ndinaopa tauni yonse. Ndinkati ndinena mawa. Ukachedwa kunena chinthu, mwanawe, chimakula, mpaka pakamwa sichitulukanso."

"Bambo sanakufunseni?"

"Anandifunsa kawiri. Tsiku lomwe anatuluka kupolisi, ndi sabata imene anamwalira."

"Munati chiyani?"

"Ndinati palibe anaigwira."

Ndinawayang'ana mayi anga, amene ndimawasambitsa msana Loweruka lililonse, amene anandilera okha ndi ntchito yochapa zovala za anthu. Ndinakumbukira bambo atakhala pakhonde lopanda makasitomala, akubwereza kwa aliyense wodutsa mawu amene anawapha, mawu amene anawatenga kwa mkazi wawo. Mkwiyo umene ndinkaganiza kuti ndautula kunkhokwe uja unabwerera wonse, ndipo ulendo uno unalibe kolowera.

Amayi anatambasula dzanja kuti andigwire phewa. Ndinasuntha.

"Mawa a Telala akubwera," ndinatero. "Akuti adzagwada pamaso panu kupepesa. Musadzawalole agwade. Mudzawauze zimene mwandiuzazi, zonse, ndi pakamwa panu. Ine ndidzakhala pomwe pano ndikumvetsera."

Amayi anatola yunifomu ija, nazula singano pa kolala.

"Abwera nthawi yanji?" anafunsa.

"Naini koloko."